Zikhomo za M'ndime: Mbiri ya Zizindikiro Zimene Zinalowetsa Buku M'foni

Omvera amene anagonako ku Dedza m'mwezi wa June sasowa wowauza za chisanu cha kumeneko. Tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo Lamulungu m'mawa nkhungu imatsika m'phiri n'kuphimba misewu, kotero kuti opita ku mapemphero amangooneka ngati zithunzithunzi zofunda majuzi ndi zitenje ziwiriziwiri. Tsono m'kachisi, kaya ndi ku Mphunzi kaya ndi ku Linthipe, ikafika nthawi yowerenga Mau pamachitika kanthu kamene anthu anakazolowera mpaka sakaonanso kachilendo. Wowerenga amaimirira nanena buku, mutu ndi ndime. Agogo amatsegula Baibulo lawo lachikuto chakuda, limene masamba ake anafiira ndi utsi. Mnyamata wa pa benchi ya kumbuyo amasolola foni m'thumba nakhudza pagalasi katatu. Wowerenga uja asanathe n'kutsokomola komwe, onse awiri afika pa mau amodzimodzi.

Agogowo afika chifukwa maso awo anaizolowera njira: akudziwa kuti ukadutsa Luka upeza Yohane, kuti nambala yaikulu yakuda ndi mutu, ndi kuti kanambala kakang'ono ndi ndime. Nanga foni ija yafika bwanji? Siidziwa Chichewa, sinakhalepo m'kalasi ya Sande Sukulu, ndipo kwa iyo 16 wa ndime ndi 16 wa zaka za munthu n'chimodzimodzi. Yankho lake ndi lakuti kunsi kwa mau amene akuoneka pagalasi kuli zizindikiro zina zosaoneka, zouza makina kuti apa payamba mutu, apa payamba ndime, uwu ndi mzere wa nyimbo, awa ndi mau ofotokozera a m'munsi mwa tsamba. Angerezi amazitcha zizindikiro zimenezi markup. Mbiri yake ndi yakale kuposa kompyuta, ndipo mbali ina ya mbiriyo inachitikira pafupi ndi mapiri a Dedza omwewa.

Liu lakuti ndime palokha likuphunzitsa kanthu, pakuti kwawo kwenikweni ndi kumunda. Mwini munda wa kachewere ku Bembeke akaitana aganyu, amayamba wayenda ndi zikhomo, kukhoma apa ndi apo, kuti aliyense adziwe polekeza khasu lake, ndiponso kuti madzulo pasakhale mkangano pa malipiro. Chikhomo sichilima, sichibala mbatata, ndipo mbewu zikakula sichioneka n'komwe. Koma popanda icho munda wonse uli ngati thengo lopanda poyambira. Anthu a mpingo atayamba kutchula magawo a m'buku ndi liu lomweli, anasankha bwino.

Malembo akale a Chigriki analibe zikhomo zotere. Alembi ankalemba zilembo zazikulu zokhazokha mondondozana, popanda mpata pakati pa liu ndi linzake, kotero kuti wofuna mau ena ake ankayenera kuwadziwa pamtima kapena kuyamba kuwerenga kuchokera kutali mpaka atawapeza. Anthu osiyanasiyana anayesa njira zawo zogawira, koma mitu imene inakhazikika ndi ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo akatswiri ambiri amati anaigawa ndi Stephen Langton, mphunzitsi wa ku Paris amene pambuyo pake anakhala Arkibishopu wa ku Canterbury. Manambala a ndime anadza mochedwa. Robert Estienne, wosindikiza mabuku, anawaika m'Chipangano Chatsopano cha Chigriki chimene anatulutsa ku Geneva mu 1551, ndipo mu 1555 anatulutsa Baibulo lonse la Chilatini lili ndi manambala. Mwana wake analemba kuti bambo akewo anagwira ntchitoyi ali pa ulendo wa pa kavalo kuchokera ku Paris kupita ku Lyon, ndipo anthu anthabwala amati paliponse pamene ndime yadula chiganizo pakati mpamene kavaloyo anapunthwa. Nthabwala zili apo, zimene anachita amuna awiriwa n'zazikulu: mabuku 66 okhala ndi mitu 1,189 anakhala ngati munda wokhomedwa zikhomo, woti munthu wa chinenero chilichonse akhoza kuloza malo amodzi ndi mnzake. Baibulo linali lokonzeka kulowa m'makina kutatsala zaka 400 kuti makinawo abadwe.

Kuno kwathu mabuku anadza ndi mishoni. A Dutch Reformed anatsegula Mvera mu 1889, Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902 ndi Mphunzi mu 1903. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua, kunsi kwa mapiri a Dedza, mu 1902. Sukulu za m'midzi zitachuluka panafunika mabuku oyambira kuwerenga, a katekisima ndi a nyimbo, ndipo sikunali kotheka kumangodikira sitima ya pamadzi. Motero ku Mvera kunaikidwa makina osindikizira, kumene nyuzi ya Mthenga inayamba kutuluka mu 1909. Likulu la mishoni litasamukira ku Nkhoma cha m'ma 1913, ntchito yosindikiza inatsatira komweko, pansi pa phiri limene limaoneka bwino kwa woyenda pa mseu wochokera ku Dedza kupita ku Lilongwe akangodutsa Linthipe. Kumeneko ndiko kunatuluka Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mu 1933.

Ntchito ya m'nyumba yosindikizira ya masiku amenewo iyenera kufotokozedwa, pakuti achinyamata a lero sanaione. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, kopangidwa ndi mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina, ndipo tizitsuloto tinkakhala m'thireyi yamatabwa ya zipinda zambiri, a m'chipinda chake, b m'chipinda chake. Wosanja zilembo ankaima tsiku lonse, pepala la wolemba lili patsogolo pake, kutola kachitsulo kamodzikamodzi n'kumaika m'kachotengera ka m'dzanja lamanzere, zilembozo zili chadodolido. Ngakhale mpata wa pakati pa mau unali kachitsulo, kofupikirapo kuti kasakhudze inki. Mizere ikakwana tsamba ankaimanga ndi chingwe, kenaka n'kuipanikiza m'chimango chachitsulo. Tsoka linali kwa wophunzira ntchito amene chimango chinampulumuka m'manja, pakuti thukuta la tsiku lathunthu linkamwazika pansi ngati mawere, ndipo kutola kwake kunali kwa iye yemweyo.

Wosanjayo sankasankha yekha maonekedwe a tsamba. Pepala lisanafike kwa iye linkadutsa m'manja mwa mkonzi, amene ankalemba timau ndi timizere ndi pensulo. Mzere umodzi kunsi kwa liu unkatanthauza zilembo zopendeka. Mizere iwiri, zilembo zazikulu koma zofupika msinkhu. Mizere itatu, zilembo zazikulu zenizeni. Mzere wokhotakhota ngati njoka, zilembo zonenepa zakuda bii. M'mphepete mwa pepala ankalembamo kukula kwa zilembo ndi kutalika kwa mzere. Kulemba zizindikiro kumeneku ndiko kunabala dzina lija la markup. Wogula buku sankaziona zizindikirozo, pakuti zinkathera pa pepala lothimbirira ndi zala za inki. Koma tsamba lililonse limene ankawerenga linali litamvera izo.

Njira imeneyi inali ndi zofooka ziwiri, ndipo chachiwiri ndicho chachikulu. Choyamba, zilembo zinali zochepa ndi zokwera mtengo, kotero kuti tsamba likasindikizidwa wosanja ankalimasula n'kubweza kachitsulo kalikonse m'chipinda chake. Buku likatha pamsika, ntchito inkayambanso pachiyambi. Makampani akuluakulu ankaumba mbale zachitsulo za tsamba lathunthu n'kuzisunga, koma mbale yotero inali youma mutu, yosalola kusintha liu mwachisawawa. Chachiwiri, zizindikiro za mkonzi zinkanena maonekedwe okha. Zinkangoti apa pendeketsani, osanena chifukwa chake. Liu lopendeka likhoza kukhala dzina la buku, liu la chinenero chachilendo, kapena liu limene wolemba akufuna kulitsindika. Munthu amazindikira yekha chimene chili. Makina alibe nzeru yotero.

Kuuma mutu kwa chitsulo kunaoneka bwino pa Buku Lopatulika. Ntchito yolimasulira inatenga zaka zoposa 20, motsogozedwa ndi Mbusa William H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mogwirizana ndi a mishoni ya Blantyre ndiponso aphunzitsi a m'dziko muno, amene ndiwo ankadziwa kumene liu lililonse limagona. Bukulo linasindikizidwa ku Britain mu 1922, ndipo linakonzedwanso mu 1936 ndi mu 1966. Chaka cha 1966 chomwecho Akatolika a ku Mua, ku Bembeke ndi kwina konse analandira Malembo Oyera, omasuliridwa ndi Bambo Louis Villy. Koma posakhalitsa chinenero chinayenda, mabuku natsala. Mu 1968 Chinyanja chinatchedwa Chichewa nichikhala chinenero cha fuko; mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, ndipo chaka chotsatira kunatuluka malamulo ake a kalembedwe. Ana a sukulu ankalemba chinthu, chaka, Chipangano. Buku Lopatulika linapitirira ndi cinthu, caka, Cipangano. Kwa zaka zambiri mwana wa ku Mphunzi ankaphunzira kalembedwe kena Lolemba n'kukawerenga kena Lamulungu. Sikuti akuluakulu a mpingo sankaona zimenezi. Ena, n'zoona, anawakonda malembedwe akalewo monga munthu amakondera mpando umene anauzolowera. Koma ngakhale onse akadagwirizana, kusanja mwatsopano buku la masamba oposa 1,000 si ntchito yoyamba m'mawa n'kuweruka nayo madzulo.

Mankhwala a vuto limeneli anapezeka kutali, kwa anthu amene za Chichewa sankazidziwa n'komwe. Makompyuta atayamba kulowa m'nyumba zosindikizira za ku America ndi ku Ulaya, poyamba anangotengera chizolowezi chakale: m'malo mwa pensulo ya mkonzi, wotaipa ankalowetsa malamulo akuti apa kulitsani, apa tsikani mizere iwiri. Kampani iliyonse inali ndi malamulo akeake, kotero kuti buku lotaipidwa pa makina ena silinkawerengeka pa ena. Tsono mu 1967, pa msonkhano umene unachitikira ku ofesi yosindikiza mabuku a boma la Canada, William Tunnicliffe anapereka ganizo lakuti zimene zalembedwa zilekanitsidwe ndi maonekedwe ake. Mu 1969 Charles Goldfarb, munthu wophunzira zamalamulo amene analowa ntchito ku IBM, pamodzi ndi anzake Edward Mosher ndi Raymond Lorie, anapanga njira yochitira zimenezo naitcha GML, zilembo zimene zilinso zoyamba za maina awo atatu. Njirayo inakula mpaka mu 1986 bungwe loona za miyezo pa dziko lonse linaivomereza ndi dzina lakuti SGML.

Ganizo lake ndi lapafupi, ndipo wosunga mbewu aliyense akhoza kulimva. Pa thumba munthu akhoza kulembapo kuti ikani pa ngodya ya kumanzere, kapena akhoza kulembapo kuti chimanga. Mau oyambawo amathandiza m'nyumba imodzi yokha. Katundu akasamukira m'nyumba ina yopanda ngodya yotero, asanduka opanda pake. Koma thumba lolembedwa kuti chimanga lidziwika kulikonse, ndipo mwini nyumba iliyonse adzaliika pamene iye amaika chimanga. Momwemonso m'buku. M'malo molemba kuti zilembo zazikulu zakuda pakati pa tsamba, mkonzi amalemba kuti uwu ndi mutu wa nkhani. Za maonekedwe a mitu zimalembedwa kamodzi kokha pa pepala lapadera, ndipo wofuna kuzisintha amasintha pamenepo, mitu yonse ya m'buku n'kutsatira yokha.

Amene anayamba kuona phindu lake ndi eni mabuku akuluakulu. Mtanthauziramau wamkulu wa Chingerezi, Oxford English Dictionary, anataipidwa yense ndi anthu pafupifupi 120 kwa miyezi 18, liu lililonse likuikidwa chizindikiro chonena kuti ili ndi liu lotanthauziridwa, aka ndi katchulidwe, ichi ndi chitsanzo, ichi ndi chaka. Ndipo mu 1989 anatuluka m'mabuku 20. Pambuyo pake zinthu zinathamanga. Tim Berners-Lee anatengera maonekedwe a SGML popanga HTML, chinenero cha masamba a pa intaneti, chimene anachilengeza mu 1991. Mu 1998 kunabadwa XML, mwana wopepukirapo wa SGML. Mu 2007 osindikiza anagwirizana za EPUB, mtundu wa buku la pa makina limene m'kati mwake muli masamba a zizindikiro zomwezi, omangidwa mtolo umodzi pamodzi ndi m'ndandanda wa mitu. Buku lotero lili ngati madzi, limatenga maonekedwe a chotengera: pa galasi lalikulu mizere imatalika, pa foni imafupika, ndipo wa maso ofooka akakulitsa zilembo mau amadzisanja okha. Losiyana nalo ndi PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993, yosunga tsamba monga momwe linalili pa pepala. PDF ndi yabwino kwa wosindikiza. Koma amene anayesapo kuiwerenga pa foni yaing'ono, kukankha tsamba uku ndi uku ndi chala, akudziwa kuti ndi mbale yachitsulo ija yabweranso m'chovala china.

Komabe chizindikiro chimagwira ntchito pokhapokha ngati wolemba ndi wowerenga agwirizana tanthauzo lake, ndipo anthu a ku Dedza ali ndi umboni wa zimenezi pa matanthwe awo. M'dera la Chongoni, limene UNESCO inaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 a zojambula za pa miyala, ndipo ena mwa malowo ali ku Mphunzi komwe kuja. Zojambula zoyera, za Achewa, akuluakulu a chinamwali ndi a Nyau amatha kuzimasulira, pakuti mwambo wake ulipo. Koma zofiira zija, timizere ndi tozungulira ta Akafula, eni ake anapita ndi tanthauzo lake, ndipo akatswiri amangoyerekeza. Utoto ulipo, sunafufutike. Chimene chinatayika ndi pangano.

Omasulira Baibulo anatsala pang'ono kugwa m'dzenje lomwelo. M'zaka za m'ma 1980, makompyuta ang'onoang'ono atafika m'manja mwawo, anayamba kulemba zizindikiro zapafupi zoyamba ndi kamzere kopendekera kumbuyo. Njirayo inali yabwino, koma gulu lililonse linkapeka zizindikiro zakezake, ndipo chimene kuno chinkatanthauza mutu wa nkhani, kwina chinkatanthauza kanthu kena. Fayilo yochokera ku Africa inkafunika kuikonza isanawerengeke ku Asia, ndipo amene anapeka zizindikirozo akapuma pa ntchito, wolowa m'malo mwake ankayang'ana fayiloyo monga mlendo amayang'anira zojambula zofiira za ku Chongoni. Motero mu 2002 bungwe la United Bible Societies, limene Bible Society of Malawi ndi chiwalo chake, linakhazikitsa kagulu kogwirizanitsa zizindikiro za zigawo zake zinai. Chimene chinatuluka chimatchedwa USFM, ndipo ndicho omasulira Baibulo ambiri pa dziko lapansi amatsata.

Munthu atasuzumira m'fayilo yotero sangaone chodabwitsa. Aona mau a Chichewa amene akuwadziwa kale, koma patsogolo pa mutu pali \c ndi nambala, patsogolo pa ndime pali \v ndi nambala, pa mutu wa nkhani pali \s, pa chiyambi cha gawo latsopano la nkhani pali \p. M'Masalimo, mzere woyamba wa nyimbo uli ndi \q1, ndipo mzere wouyankha, umene pa pepala umalowa m'kati pang'ono, uli ndi \q2. Mau a m'munsi amatsekeredwa pakati pa zizindikiro ziwiri ngati mbuzi m'khola, kuti asasakanikirane ndi Malembo enieni. Palinso chizindikiro cha dzina la Mulungu, \nd, chimene m'Mabaibulo ambiri a Chingerezi chimachititsa kuti dzinalo lilembedwe ndi zilembo zazikulu zofupika msinkhu zija. Pa dzina limeneli omasulira a kuno anasiyana maganizo: Buku Lopatulika limati Yehova, pamene Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi nalitulutsa mu 1998, limati Chauta. Chizindikirocho sichilowerera mkanganowo. Chimangonena kuti pano pali dzina lija, ndipo za liu loyenera chimasiyira anthu.

Popeza fayilo imanena yokha chimene chinthu chilichonse chili, makina amatha kugwira ntchito zimene kale zinkatha maso a anthu. Pulogalamu ya Paratext, imene omasulira amalemberamo, imawerenga manambala nichenjeza ngati ndime ina yadumphidwa kapena yalembedwa kawiri. Imasonyeza malo onse amene liu limodzi la Chihebri lamasuliridwa, kuti omasulira aone ngati asinthasintha mosadziwa. Imaika Chichewa pambali pa Chigriki ndime ndi ndime. Ntchito ikatha, fayilo imodzimodziyo imabala ana ambiri. Wosindikiza amatengapo Baibulo la m'thumba ndi la zilembo zazikulu la pa guwa. Imasandulizidwa kukhala XML n'kusungidwa m'nkhokwe yotchedwa Digital Bible Library, imene inatsegulidwa cha m'ma 2011, ndipo m'nkhokwemo ndimo mapulogalamu a pa foni monga YouVersion, imene inayamba mu 2008, amatapa ndi chilolezo cha eni ake. Ndi njira yotere Buku Lopatulika ndi Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero zinafikira m'thumba la mnyamata wa pa benchi ya kumbuyo uja. Ndipo m'zaka za pambuyo pa 2010, pamene Buku Lopatulika linatuluka m'kalembedwe katsopano, cinthu nichikhala chinthu, panafunikabe anthu odziwa chinenero kuti aweruze liu ndi liu, koma panalibenso wotola chitsulo.

Amene amapindula koposa ndi anthu osaona. Baibulo lathunthu la zilembo za Braille limadzaza mabuku pafupifupi 40, katundu wosatheka kupita naye ku kachisi pa mutu. Makina osandutsa mau kukhala Braille amafuna kudziwa pamene pali mutu, pamene pali ndime ndi pamene pali mzere wa nyimbo, pakuti chilichonse chili ndi kaikidwe kake pansi pa zala. Chimodzimodzinso pulogalamu yowerenga mokweza: buku likakhala ndi zizindikiro, wosaona amalumpha kuchoka pa mutu kupita pa mutu wina monga woona amatembenuzira masamba, likakhala lopanda, amamvetsera kuyambira pachiyambi ngati nthano ya pa wailesi. Mu 2013 maiko anapangana ku Marrakesh kuti malamulo oteteza eni mabuku asatsekereze osaona kupeza mabuku m'njira yowayenera, ndipo Malawi analowa m'panganolo mu 2017. Lamulo linatsegula chitseko. Koma buku limene lilipo ngati chithunzi chokha cha tsamba silingadutse pa chitsekocho, pakuti kwa makina chithunzi cha tsamba ndi chithunzi cha mbuzi n'zofanana.

Apa ndi pamene nkhani ikuwawa. Baibulo linali ndi mwai: linali ndi manambala kuyambira kale, lili ndi mabungwe a m'maiko ambiri olisamala, ndipo lili ndi owerenga osaleka. Mabuku ena a Chichewa alibe zonsezi. Mbiri ya Achewa ya Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, Njala Bwana ya Willie Zingani, ndi ena ambiri amene anthu a msinkhu wina anakula nawo pa sukulu, anabadwira pa chitsulo kapena pa makina a nthawi imene fayilo sinkasungidwa. Mabuku ambiri a mtundu umenewu amapezeka m'masutikesi a aphunzitsi opuma, akulimbana ndi chiswe, ndipo ena amayendayenda pa WhatsApp ngati zithunzi za masamba zojambulidwa mopendeka, chala cha wojambula chikuoneka m'mphepete. Wojambulayo ayamikidwe, pakuti chithunzi chiposa kusowa. Koma m'chithunzi munthu sangafufuzemo liu, sangakulitse zilembo mizere n'kudzisanja, ndipo wosaona sangamvemo kanthu.

Alipo makina oyang'ana chithunzi n'kuzindikira zilembo, koma pa mapepala akale ofiira ndi inki yofufutika amaphonya kawirikawiri, makamaka pa chinenero chimene sanachizolowere. Kachilembo ka ŵ, kamene malamulo a 1973 anakalimbikitsa ndipo olemba pa taipi ankakaveka chipewa ndi cholembera, kamawasokoneza. Kanali ndi mwai wopeza malo m'makompyuta a dziko lonse chifukwa anthu a ku Wales nawonso amakalemba. Ndipo ngakhale zilembo zonse zitazindikirika bwino, makinawo sanena chimene chili mutu, chimene chili mwambi wogwidwa m'kamwa mwa nkhalamba ya m'nkhani, kapena chimene chili nambala ya tsamba yolowerera pakati pa chiganizo.

Chitsanzo chabwino ndi ndakatulo za E.J. Chadza, mwana wa m'boma la Dedza lomweli, amene anabadwa mu 1923, naphunzira ku Mlanda ndi ku Nkhoma, natulutsa Ntchito za Pakamwa mu 1963. M'ndakatulo, pamene mzere wathera ndi mbali ya tanthauzo, pakuti mpamene wolakatula amapumira. Ndakatulo yotaipidwa popanda zizindikiro ikalowa m'foni, mizere imathyoka pamene galasi lathera, ndime ziwiri zimalumikizana, ndipo chotsala chimawerengeka ngati kalata ya kwa a mfumu. Yoikidwa zizindikiro imasunga mzere uliwonse ngati mzere, ndipo ukatalika kuposa galasi, chotsalira chake chimalowa m'kati kuti wowerenga adziwe kuti mpweya sunathe. Palinso funso limene mkonzi sangalithawe, ngati asunge kalembedwe ka 1963 kapena atsate ka lero. Akatswiri a zolemba zakale, amene anayamba kugwirizana za zizindikiro zawo mu 1987 pansi pa dzina la Text Encoding Initiative, anakonza njira yosungira zonse ziwiri m'fayilo imodzi, liu monga analilembera mwini wake ndi liu monga likulembedwera tsopano, kuti mwana wa sukulu aone lina ndipo wofufuza mbiri ya chinenero aone linalo.

Ntchito yotere siifuna makina odula. Imafuna chilolezo cha eni buku, kope limodzi losang'ambika, kompyuta wamba, ndi munthu wodziwa Chichewa woti ataipe ndi kukhoma zikhomo pa mutu, pa ndime ndi pa mzere uliwonse. Akatha iye, pamafunika anthu awiri pa tebulo limodzi: wina awerenge mokweza kuchokera m'buku lakale, kutchula ngakhale mpumiro ndi mpatuliro, winayo azitsata ndi chala pagalasi, monga momwe osaka zolakwa ankachitira m'nyumba zosindikizira pamene zilembo zinali za mtovu.